Masamba a Pamsewu wa ku Nkope

Che Lajabu anamwalira m'bandakucha, ndipo pofika madzulo a tsiku lomwelo anali atagona kale kumanda, monga achitira Asilamu. Uthenga unandipeza ku Chiponde, kumene ndikukhala chipumireni pantchito. Ndinafika ku Nkope dzuwa lili paliwombo, masamba atayalidwa kale pamsewu, mbali iyi ndi mbali inayo ya nyumba yawo. Nditaona masambawo ndinayamba kulira ndisanafike n'komwe pasiwa.

Ambiri mwa anthu amene anadzaza pabwalo tsiku limenelo ankawadziwa ngati mkulu wa kagolosale ka mbedza ndi ulusi wosokera maukonde, munthu wamtali, wokonda kutsutsa. Asodzi achinyamata ankawaitana kuti aphunzitsi, osadziwa kuti dzinalo linachokera kuti. Ine ndikudziwa, chifukwa ndinaliko tsiku limene uphunzitsiwo unawathera.

Sukulu imene ndikunenayi ili pakati pa Mangochi ndi Nkope, mkati mwa mpanda wa waya. Masiku amenewo, a chipani chimodzi aja, anthu ankangoti kwa Azungu. Kunkaphunzira ana a mabwana a m'maesiteti a fodya ku Namwera, a kukampani ya nsomba ndi a m'mahotela a m'mbali mwa nyanja. Ana akuda anali owerengeka: wa bwana wa kubanki, wa dokotala, ndi ena awiri atatu. Aphunzitsi akuda tinalipo awiri. Ine, mtsikana wa ku Dedza, anandilemba kuti ndizithandiza kalasi ya tiana, kumene ntchito yaikulu inali kupukuta mamina ndi kumanga zingwe za nsapato. Che Lajabu anawalemba kuti aziphunzitsa Chichewa, popeza nthawi imeneyo sukulu yofuna kukhala pamtendere ndi boma inkaonetsetsa kuti Chichewa chikuphunzitsidwako ndithu. Iwo nkhaniyi inkawaseketsa kwambiri: Myao wa ku Nkope kumaphunzitsa Chichewa ana a ku Ulaya, Mchewa weniweni ali kalikiliki ndi mamina khomo loyandikana nalo.

Ankabwera pa njinga yakuda, kofia yoyera kumutu, tayi m'khosi ngakhale mwezi wa Okutobala pamene Mangochi amaotcha ndi mthunzi womwe. Lachisanu masana ankasowa. Ankapita kumzikiti, ndipo ankabwerako nthawi imene iwo afuna. Mayi Harding, amene anali mkulu wa sukulu, anayesa kuwakumbutsa za belu kangapo konse, mpaka anatopa n'kungosuntha phunziro lawo la tsikulo kuti lizikhala m'mawa. Che Lajabu sananene zikomo. Kupepesa ndi kuthokoza pa zinthu zimene ankaziona kuti n'zoyenera kale sizinali m'magazi mwawo. Chingerezi chawo ankachinyadira mopitirira, ndipo akayamba kufotokoza chinthu, ngati uli ndi mphika pamoto unkangodziwiratu kuti wapserera.

Mkangano wathu woyamba unali wa tiyi. Nthawi yopuma ine ndinkatenga kapu yanga n'kukamwera pakhonde la kalasi. Palibe amene anandithamangitsa m'chipinda cha aphunzitsi, koma ukalowamo nkhani zinkaduka, moti unkachita kumva kulira kwa supuni yako. Che Lajabu ankalowa, n'kukhala pampando wa pakati penipeni, n'kuyamba kufunsa mzungu aliyense za kwawo mpaka belu kulira. Tsiku lina anandipeza pakhondepo.

"A Nachisale, tiyi wa panja akukoma?"

"Kuno kukupita kamphepo, aphunzitsi."

"Kamphepo! Taonani uko." Analoza ana amene ankasewera pabwalo. "Aja akutiona. Inu mukamamwera panja, phunziro mwaphunzitsa kale. Ine ndikalowa m'kalasi ndikungotha choko."

Ndinawayankha kuti ndinabwera kudzagwira ntchito, osati kudzamenya nkhondo. Anakhala masiku osandilankhula. Kenako ndinayamba kulowa m'chipindamo, osati chifukwa anandigonjetsa ndi mfundo, koma chifukwa kukwiyiridwa ndi Che Lajabu kunali kolemera kuposa chete wa azungu.

Chichewa cha m'buku ankaphunzitsa chochepa. Kalasi yatsopano iliyonse ankayamba nayo panja, kuzungulira nayo kukhitchini, kumaluwa, kochapira zovala ndi pachipata. Anthu amene anawo anazolowera kuwaitana kuti boyi kapena kuki, iwo ankawatchula mayina. Ankati awa ndi a Saidi, amene amakuphikirani phala, kwawo ndi kuseri kwa mpandawu, ndipo mwana wawo wamng'ono dzina lake ndi Asiyatu. Mwana aliyense ankayenera kupereka moni ndi manja awiri, kufunsa za kunyumba, ndiyeno kuima n'kumva yankho. Pa kuimapo ndi pamene ankalimbikira kwambiri. Ankakonda kunena kuti mwana wofunsa munthu mmene wadzukira miyendo ili paliwiro sanapereke moni, wangotaya mawu panjira.

Musaganize kuti ankalimbana ndi ana a azungu okha. Mwana wa bwana wa kubanki uja ankanamizira kuti Chichewa sachimva, ndipo mawu akuti boyi ankawakuwa mokweza kuposa mzungu aliyense. Ameneyo Che Lajabu anamuonetsa polekera. Anamukhazika kukhitchini nthawi yopuma kwa masiku angapo, akusenda mbatata ndi a Saidi, mpaka Chichewa chinabwerera chokha. Nawo ana a m'mudzi amene ankakangamira pawaya n'kumakuwa kuti mzungu, mzungu, ankawatulukira. Ankawauza m'Chiyao kuti ana a mkatimo ali ndi mayina, ndipo wofuna kuitana mnzake ayambe wafunsa dzina.

Chimene chinawapangitsa kukhala otero anandiuza kamodzi kokha, tikudikira mvula kuti ikate. Ali mwana, bambo awo anawapititsa kusukulu ya mishoni, chinthu chimene Asilamu ambiri nthawi imeneyo ankachiopa. Mphunzitsi atamva dzina lakuti Lajabu anati limenelo silingalowe m'kalasi, n'kuwapatsa lakuti Richard. Zaka zonse za kusukuluko ankavomera dzina la eni, n'kumakhala kumbuyo anzawo akamaphunzira katekisimu. Palibe anawamenya, palibe anawatukwana. Kungoti palibenso amene anawafunsa kuti kwanu mumatani. Atatha kunena zimenezi anayang'ana kumwamba n'kuti mvula yakata, ngakhale inali isanakate, n'kukwera njinga.

Ndi Mayi Harding ankakangana pafupifupi teremu iliyonse. Mayiwa sanali munthu woipa. Anali wamantha ndi zinthu ziwiri, komiti ya makolo ndi chipani, ndipo ankayenda pakati pa ziwirizi mosamala ngati munthu wosenza mazira. Chaka china anaganiza zoti pa tsiku la makolo aitane anyamata a m'mudzi adzavine gule wa beni. Ana a sukulu ndi makolo awo akhale pamipando, ovina avine, apatsidwe maswiti, azipita. Che Lajabu anati beni abwere, koma ana a sukulu alowe nawo m'bwalo, ndipo ovinawo akatha akhale pamipando yomweyo adye nawo keke. Anakangana masiku angapo. Pamapeto pake keke anadyera limodzi, ngakhale makolo ena anaimirira patali ndi mbale zawo. Chinatsalira pa tsikulo ndi kachipata kakang'ono kamene anaboola pampanda wa kuseri, koyang'ana kumudzi. Lachitatu lililonse madzulo kankatsekulidwa. Anyamata ankamenya mpira wosakanikirana, ndipo atsikana a m'mudzi anaphunzitsa anzawo phada. Katswiri wa phadayo anali Asiyatu, mwana wa a Saidi, kamtsikana kochepa thupi koma kolongolola.

Zimenezi zinayenda zaka ziwiri kapena zitatu. Kenako m'midzi ya kunyanja munagwa matenda otsekula m'mimba, ndipo komiti ya makolo inalamula kuti kachipatako akakhome ndi loko, mwana wa sukulu asapondenso m'mudzi. Matenda anatha, loko anatsala. Che Lajabu ankaikumbutsa nkhaniyi pamsonkhano uliwonse wa aphunzitsi, mpaka ena ankayamba kutolera mabuku awo akangoona kuti akweza dzanja.

Ndiye kunabwera tsiku lija. Asiyatu anadwala malungo masiku ochepa n'kumwalira usiku. M'mawa anthu anayala masamba pamsewu, monga timachitira, kuti wodutsa adziwe kuti pali zovuta: wa panjinga atsike, wa galimoto achepetse liwiro, wa chipewa avule, ndipo aliyense adutse mwakachetechete. Kusukulu uthenga unali usanafalikire. Kukhitchini kokha ndi kumene ankadziwa chifukwa chimene a Saidi sanabwerere.

M'mawa womwewo anyamata a kalasi yaikulu anatuluka kukathamanga mumsewu, mphunzitsi wawo wa masewera akubwera patali m'mbuyo. Patsogolo panali Timo, mwana wa bwana wina wa esiteti, amene anali atangofika kumene kuchokera kwawo teremu yomweyo. Ataona nthambi pamsewu anaganiza kuti zagwa pa lole ndipo zigwetsa anzake. Anazikokera kumbali zonse. Imodzi anainyamula m'mwamba, n'kumathamanga nayo akuikupiza ndi kukuwa, anzake akuseka pambuyo, mpaka kudutsa pakhomo penipeni pa siwa. Amene analipo amati amayi anasiya kulira.

Pasanapite nthawi pachipata chachikulu panafika Che Bwanali, tcheyamani wa chipani m'deralo, ndi anyamata ake a malaya ofiira. Mayi Harding anatuluka, Che Lajabu akumasulira.

"Adona, ife tikulira mwana, ana anu akuvina ndi masamba athu?" anatero Che Bwanali. "Mwatukwana maliro, mwatukwana mudzi. Kapena dziko lino mukuliyesa lanu? Nkhaniyi ikafika kuboma lero lomwe."

Tonse tinkadziwa tanthauzo lake. Masiku amenewo mlendo akanenezedwa kuti wanyoza anthu a dziko lino, ankangouzidwa kuti alongedze, mawa lake ali m'ndege. Banja la Timo likanapita, ndipo sukulu nayo ikanatha kutsekedwa, ophika ndi olima maluwa onse n'kukhala pakhomo. Che Lajabu analankhula ndi tcheyamaniyo m'Chiyao, motsitsa mawu. Anapempha kuti asapite kuboma mpaka mwana ataikidwa. Che Bwanali anavomera monyinyirika n'kubwerera kumaliro.

Zimene zinachitika mu ofesi ndinazimva ndekha, chifukwa anandiitana kuti ndiperekeze dalaivala. Mayi Harding anali atakonza kale: thumba la chimanga, shuga ndi nsalu yoyera zipite kusiwa pa galimoto ya sukulu, ine ndikapepese m'malo mwa onse, Timo akhale m'chipinda chogona asaoneke.

"Chimanga chipite, madamu, n'chofunika," anatero Che Lajabu. "Koma anachotsa masamba si dalaivala, si a Nachisale. Mukatumiza thumba lokha, anthu aja amva kuti mwagula maliro awo."

"Ndiye mukufuna chiyani?"

"Ana amene anadutsa paja abwerere paja. Kalasi yonse."

"Komiti inaletsa, Bambo Lajabu. Mukatulutsa mwana ngakhale mmodzi pa kachipata kaja, sindidzatha kukutetezani. Ndikukuletsani."

"Ndamva, madamu."

Kiyi wa kachipatako ankakhala pamsomali, pafupi ndi chitseko cha ofesi. Mayi Harding anaimirira n'kupita pawindo, kutifulatira. Che Lajabu anatenga kiyiyo, ndipo kiyiyo anachita phokoso ndithu pomuchotsa pamsomalipo. Mayiwo sanacheuke.

M'kalasi sanakalipe. Anauza ana kuti masamba aja amatanthauza chiyani, ndiponso kuti chinali cholakwa chawo iwo monga mphunzitsi kuti anali asanawaphunzitse zimenezo. Aka kanali koyamba ndi komaliza kuwamva akuvomera kulakwa. Kenako anatchula amene wamwalira. Mtsikana wina wa tsitsi lofiira anafunsa ngati akunena Asiyatu wa phada uja, ndipo atamva kuti ndi yemweyo anagwira pakamwa. Timo nkhope inali itayera ngati pepala.

"Sindimadziwa, sala," anatero.

"Ndikudziwa kuti sumadziwa. Koma a Saidi sakudziwa zimenezo. Tiye ukawauze wekha."

Anaphunzitsa mnyamatayo mawu oti akanene, kuwabwereza mpaka anakhazikika. Kenako anatembenukira kwa ine. "A Nachisale, atsikanawa sangakhale kwa amuna. Mupita nawo kwa amayi?" Ndinati ndipita. Ndinazula makatani akale a m'kalasi mwanga kuti atsikana amange m'chiuno ngati zitenje.

Loko anali atachita dzimbiri, moti anavuta kutsekuka. Titatuluka, Che Lajabu anayamba watitengera kumsewu. Anauza anyamata kuti athyole nthambi zatsopano za mtengo wa nimu, ndipo Timo anaziyala yekha, mbali zonse ziwiri, pamene panali zoyamba zija. Atatha anauza onse kuti avule zipewa. Kamnyamata kena kanafunsa kuti nanga iwo savula bwanji kofia yawo.

"Chakocho n'cha dzuwa, iyi ndi ya mapemphero," anayankha. "Vula, usandichedwetse."

Titalowa pabwalo la siwa, anthu onse anatembenuka. Ine ndi atsikana tinapita pakhonde pamene panali amayi, ndipo kuchokera pamenepo ndinkaona ndi kumva za kwa amuna, pansi pa mtengo wa mango. Che Lajabu anapereka salamu, n'kukhazika anyamata pansi, pafumbi, ndi makabudula awo oyera. Anawasiya akhale chete nthawi yaitali ndithu, monga amakhalira munthu wobwera kudzakhuza maliro. Ana amene pa asembule sankatha kukhala bata ngakhale pang'ono, tsiku limenelo anakhala. Pakhonde pathu pano mayi ake a Asiyatu anamuzindikira mtsikana wa tsitsi lofiira uja, n'kumukokera pamiyendo pawo, ndipo analira onse awiri.

Kenako Che Lajabu anamugwira Timo paphewa. Mnyamatayo anayenda chogwada, monga anamuuzira, mpaka pamkeka pamene panakhala a Saidi. Anatambasula manja awiri.

"Pepani, bambo. Ndinachotsa masamba ndine. Sindimadziwa. Ndalakwa."

Chichewa chake chinali chokhotakhota, ndipo mawu omaliza anatuluka ndi misozi. Che Bwanali anatsokomola.

"Izi ndi zisudzo za aphunzitsiwa," anatero. "Mawu ochita kuloweza. Mwana wa mzungu angadziwe chisoni cha ife?"

A Saidi anayang'ana mnyamata uja nthawi yaitali. Ndiyeno anasendera pamkekapo n'kusiya malo.

"Khala apa, Timo," anatero. Atatero anatembenukira kwa tcheyamani. "Che Bwanali, mwanayu ndimamupakulira phala ine. Chibwerereni chake sanadutsepo pakhitchini osandipatsa moni, ndipo amaima. Maliro ano ndi anga. Wapepesa, ndamva."

Mwini maliro atatero, panalibenso nkhani yopita nayo kuboma. Che Bwanali anang'ung'udza za ulemu wa dziko, koma shehe anali atayamba kale kukonzekera mapemphero, ndipo anthu anasiya kumumvera. Amuna atanyamula jeneza, chonyamulira mtembo cha Asilamu, kupita kumanda, ife tinabwerera ndi ana kusukulu, kudzera pa kachipata komwe kaja.

Msonkhano wa makolo unachitika sabata yotsatira. Aphunzitsi tinakhala kumbuyo. Mayi wina anati mwana wake anamukhazika pafupi ndi mtembo. Bambo wina anafunsa kuti akanadwala akanalipira chipatala ndani. Wina anati amalipira fizi kuti ana aphunzire masamu, osati miyambo ya m'mudzi. Mayi Harding anayesa kufotokoza kuti pakanapanda ulendo umenewo mwina sukuluyo ikanakhala itatsekedwa, koma mawu awo anamira. Ine maso anga anali pa bambo ake a Timo. Munthu ameneyo ankadziwa bwino lomwe kuti akugonabe m'nyumba yake chifukwa cha ndani. Anakhala msonkhano wonse akuyang'ana nsapato zake, ndipo mpaka lero ndikamukumbukira mtima umandiwawa.

Atafunsidwa ngati ali ndi mawu, Che Lajabu anaimirira, n'kukonza tayi. Tonse tinkayembekezera ulaliki wautali uja. Anangoti analetsedwa, anamva, ndipo anapita; zitachitikanso mawa akhoza kupitanso. Anakhala pansi. Komiti inagamula kuti teremu ikatha asabwererenso. Ine anangondichenjeza, poti ndinali wamng'ono ndipo ndinangotsatira. Kachipata kaja anakachotseratu n'kulumikiza waya.

Chaka chotsatira ndinakwatiwa n'kusamukira kusukulu ya boma ku Chiponde. Che Lajabu anafunsira ntchito m'masukulu angapo, koma mbiri yoti anachotsedwa chifukwa chosamvera inkafika iwo asanafike, ndipo zaka nazo zinali zitapita. Ndi mmene anatsekulira kagolosale kaja. Ndinkawachezera mwa apo ndi apo ndikatsikira kunyanja. Nthawi zonse ndinkawapeza pakhonde, pampando wa nsungwi woyang'ana kumsewu, tiana ta asodzi titawazungulira ndi masileti. Za sukulu ija sankafuna kuzikamba. Tsiku lina ndinawayamikira kuti malonda akuyenda. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Ine ndine mphunzitsi, a Nachisale. Mbedzazi ndikungogulitsa."

Ndinawafunsa ngati amadandaula. Anati ntchito sakuidandaula kwenikweni. Chimene chinkawasowetsa tulo n'chakuti mwina ana aja anangoona tsikulo ngati ulendo wokaona zachilendo, ndipo atakula anaiwala. Sindinathe kuwatsutsa, chifukwa nanenso sindinkadziwa. Timo ndi makolo ake anachoka m'dziko muno patapita zaka zochepa, mwa kufuna kwawo. Mayi Harding nawo anapita kwawo. Palibe amene anabwera kudzatsanzika pagolosalepo.

Tsiku la maliro awo, amuna atanyamula jeneza, amayi tinatsala pamikeka moyang'ana kumsewu. Ndinakhala pafupi ndi Abiti Mussa, mkazi wawo. Cha m'ma madzulo kunatulukira basi ya sukulu ija, yotula ana kumakwawo. Ndinaizindikira ndi mtundu wake. Itafika pamasamba sinangochepetsa liwiro ngati magalimoto ena. Inaima, injini n'kuzima. Chitseko chinatsekuka, ndipo ana anayamba kutsika mmodzimmodzi, azungu, amwenye ndi akuda amene masiku ano achulukako. Aliyense anavula chipewa. Anayenda wapansi mwakachetechete kudutsa pakhomo ponse, mphunzitsi wawo wachitsikana ali pambuyo, basi ikubwera pang'onopang'ono kukawadikira kuseri kwa masamba enawo.

Ndinagwira dzanja la Abiti Mussa. "Amayi, awauza ndani?"

"Palibe," anatero. "Amatero paliponse pali masamba. Anayambitsa ndi adona aja, Mayi Harding, bambowa atachotsedwa, inunso mutasamuka kale. Kukagwa zovuta mumsewu uno, bambo ankatseka golosale n'kukaima poti aione basiyo. Akabwerako ankangoti dalaivala akuchedwetsa ana."

Zaka zonsezo sanandiuzepo. Ndinadzuka n'kupita kumsewu, n'kufunsa mphunzitsi wachitsikanayo chifukwa chimene amachitira zimenezi. Anati ndi lamulo lakale la sukulu, anangolipeza, ndipo sakudziwa amene analiika. Apo ndinamvetsa chimene Che Lajabu ankakaimira pamsewu. Ankadziwa kuti ana amatsika. Chimene sankadziwa n'chakuti kaya akutsikira lamulo, kaya akutsikira munthu.

Ndili chiimire choncho, kamtsikana kena ka chizungu, ka mano ogweruka kutsogolo, kanatsalira pamzere. Kanabwera kwa ine, chipewa chili kukhwapa, n'kutambasula manja awiri.

"Pepani, agogo," kanatero m'Chichewa. "Amwalira ndani?"

Kanaima n'kumadikira yankho. Anzake anali atafika kale kubasi, mphunzitsi akukakodola, koma iko sikanasunthe.

"Aphunzitsi anu, mwanawe," ndinatero. "Dzina lawo Che Lajabu."

Kanalibwereza dzinalo kawiri kuti kalitchule bwino, kenako kanathamangira anzake.

Ndinapitanso ku Nkope sabata yatha kukaona Abiti Mussa. Golosale ndi yotseka, ndipo mbedza zikadali pakhoma m'timapepala tawo. Masileti a tiana taja aunjikidwa pakona ya khonde, ena akadali ndi zilembo zosafufuta. Mpando wa nsungwi palibe amene wausuntha. Uli pomwe paja, wopendekera pang'ono kumanzere kumene ankatsamira, ndipo pansi pali timaenje tiwiri pamene zidendene zawo zinakumba dothi. Ndinaima kumbuyo kwake kuti ndione zimene iwo ankaona. Msewu wonse umaoneka bwino kuchokera pamenepo, mpaka pokhota pamene basi imatulukira. Masamba aja anauma, ndipo mbuzi zinadyako, koma nthambi ziwiri zikadali m'mphepete mwa msewu. Abiti Mussa anandipatsa mpandowo kuti ndikhalepo. Ndinakhala pamkeka.